Kodi Mvuu Idalengedwera Yani?

Tauni ya Liwonde, imene ili m'boma la Machinga pa mtunda wa makilomita ngati 50 kuchokera ku Zomba, sikadadziwika kutali pakadapanda mtsinje wa Shire, umene, utatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi ndi kupumulako m'nyanja yaing'ono ya Malombe, umafika pamenepa uli wotambasuka ndi wofatsa, usanayambe kugwa m'mathithi a kumunsi kwa Matope. Pamtsinjepo pali mlatho wa msewu ndi chitseko chachikulu cha madzi chotchedwa Kamuzu Barrage, chimene adachimanga m'chaka cha 1965. Palinso mlatho wa njanji yonka ku Nayuchi ndi ku Nacala. Ndipo chakumpoto kwa tauniyi, kutsata gombe la mtsinje, kuli nkhalango yosungirako nyama zakuthengo imene boma lidaikhazikitsa m'chaka cha 1973. Kumeneko ndiko alendo amathamangira, ena ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena ochokera kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo sadzera malonda, maliro, mlandu kapena ukwati, koma kudzangoona basi: amakwera boti dzuwa litapendeka kuti akaone mvuu ndi ng'ona, amalawirira mbandakucha pa galimoto yopanda denga kukafuna njovu ndi mikango m'nkhalango ya mitsanya, ena amayenda pansi motsogozedwa ndi mlonda wa mfuti, ena amakwera phiri la Chinguni, ndipo alipo ena amene amatha tsiku lathunthu maso ali m'mitengo kuwerenga mitundu ya mbalame.

Munthu amene adakulira pa khasu, amene kwa iye ulendo uliwonse uyenera kukhala ndi mutu wake, akaona zimenezi amazizwa, ndipo kuzizwa kwakeko sikuyenera kupeputsidwa. Pakuti amafunsa kuti, kodi munthu wamkulu wanzeru zake angasiye bwanji ntchito, nataya ndalama zokwanira matumba a chimanga, kuti akangopenya nyama imene sadzaidya, sadzaikama, ndipo sadzaisenzetsa katundu? Funsoli limalemera koposa likatuluka pakamwa pa mlimi wa m'mbali mwa nkhalangoyo, amene dimba lake lidatha ndi mvuu usiku umodzi wokha, kapena pakamwa pa mayi amene mwamuna wake adapita kukaonjola maukonde osabwerako, chifukwa kwa anthu otere chimene mlendo akuchiombera m'manja ndicho chomwecho chimene chidawaliza. Pamenepa pali mafunso awiri olukanalukana, ndipo ine ndiyesa kuti sitingayankhe limodzi ndi kusiya linzake. Loyamba n'lakuti, zolengedwa zimene sizitithandiza, ngakhalenso zotipweteka, Namalenga adazilengera yani? Lachiwiri n'lakuti, kodi n'koyenera kuti munthu azikondwera nazo, mnansi wake akulira nazo?

Alipo ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi anthu opemphera ndithu, amene amaganiza kuti zonse za pansi pano adazilengera munthu, ndi kuti muyeso wa cholengedwa chilichonse ndi phindu limene munthu amapeza pa icho. Amatsamira pa zimene buku la Genesis limanena za ulamuliro umene munthu adapatsidwa pa nsomba, mbalame ndi nyama. Chigwa cha Shire chidalawa kale zipatso za maganizo amenewa. Pamene David Livingstone adakwera mtsinjewu m'chaka cha 1859, adapeza njovu zochuluka zedi m'dambo lalikulu la kumunsi, pakati pa Chikwawa ndi Nsanje, kotero kuti dambolo mpaka lero limatchedwa Elephant Marsh, chonsecho njovu mulibemo ndi imodzi yomwe, zidatha ndi mfuti za ofuna minyanga. Ndipo m'masiku amenewo minyanga inkapita kugombe la nyanja yamchere m'maulendo omwewo amene ankanka ndi akapolo, pakuti mtima umene umayesa njovu ndi kulemera kwa mnyanga wake suchedwa kuyesa munthu ndi mtengo wake wa pamsika. Ku Liwonde nakonso zipembere zidatha psiti, mikango idazimirira, ndipo bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyi mogwirizana ndi boma m'chaka cha 2015, alonda ake, amene anthu amangowatcha agemu, adazula misampha ya waya yoposa 30,000. Sindikuweruza otchera misampha, chifukwa ambiri a iwo idawatuma ndi njala ya ana awo. Ndikungoti muyeso wa phindu, ukausiya kuti ulamule wokha, umasiya nkhalango ili gwa.

Masiku ano maganizo omwewo adavala malaya ena: timauzidwa kuti tisunge nyama chifukwa zimaitana alendo, ndipo alendo amabwera ndi ndalama zakunja. Zimenezi n'zoona, ndipo sindizinyoza, pakuti operekeza alendo, oyendetsa maboti, ophika, oluka madengu ndi mikeka ya mlaza, osema ziboliboli ndi anyamata a kabaza amadyera pomwepo. Koma m'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo a ndege, alendo adasowa kwa miyezi yambiri; kodi tinene kuti m'miyezi imeneyo mvuu idalibenso chifukwa chokhalira ndi moyo? Ngati sitingatero, ndiye kuti chilipo chifukwa china chozama, chimene sichitsamira pa thumba la mlendo.

Chifukwacho ine ndimachipeza m'buku la Yobu. Munthu uja adataya ana ake khumi tsiku limodzi, adataya chuma chake chonse ndi thanzi la thupi lake, nakhala paphulusa kudzikanda ndi phale. Ndipo m'mitu yambiri ya bukulo amapempha chinthu chimodzi, chakuti Mulungu abwere adzamuuze mlandu wake. Mulungu atabwera m'kamvulumvulu, sadatchule mlandu, sadamuululire ngakhale zimene zidakambidwa kumwamba pachiyambi pa nkhaniyo, koma adamtenga, titero kunena kwake, pa ulendo wokaona zolengedwa. Adamuonetsa mkango wosakira ana ake, khwangwala, mbuzi za m'matanthwe pa nthawi yake yoswa, bulu wakuthengo amene alibe mbuye, njati yokana goli, nthiwatiwa yosiya mazira ake pamchenga, kavalo wa nkhondo ndi chiwombankhanga cha pathanthwe. Adamkumbutsanso kuti mvula imagwa ngakhale kuchipululu kumene kulibe mudzi, kulibe munda, kulibe woyamika. Potsiriza adamuimika patsogolo pa zilombo ziwiri zazikulu, china chodya msipu, chobisala m'bango ndi m'matope, chosatekeseka mtsinje ukasefukira, ndi china cha mamba olimba ndi mano oopsa, chimene msodzi aliyense sangachiwedze. Ndipo owerenga ambiri kuyambira kale amazindikira m'menemo mvuu ndi ng'ona, nyama zomwezo zimene anthu amakwerera boti pa Liwonde.

Taonani tsono, abale anga: pa nyama zonsezo, kupatula kavalo, palibe imene Yobu akadaitsekera m'khola mwake. Munthu amene adali ndi nkhosa 7,000 ndi ngamira 3,000, amene adazolowera kuwerenga nyama ngati chuma, adaonetsedwa nyama zimene sizili m'kaundula wa chuma cha munthu aliyense, zimene Mwini wake amazidyetsa, amadziwa nthawi yake yoswa, ndipo amakondwera nazo pa zifukwa za Iye yekha. Mvuu sidalengedwere ife. Idalengedwera Iye amene adaumba ife ndi iyo, ndipo dziko lake n'lotakasuka kuposa bwalo la milandu yathu. Chozizwitsa n'chakuti Yobu, amene abwenzi ake atatu odziwa kulankhula adalephera kumtonthoza, adatonthola ataona zimenezi, navomera kuti kudziwa kwake kwa kale kudali kwa mphekesera chabe, ndi kuti tsopano wadzionera yekha.

Si Yobu yekha ayi. Ntchito yoyamba ya Adamu pa nyama idali kuziyang'ana ndi kuzitcha maina, ndipo chilolezo chozidya chidadza pambuyo pake, m'masiku a Nowa. Nzeru za Solomo zidatamandidwa chifukwa, mwa zina, ankadziwa kukamba za mitengo, nyama, mbalame, zokwawa ndi nsomba. Ambuye Yesu, pofuna kuchiza nkhawa za ophunzira ake, adawauza kuti apenye mbalame ndi maluwa akuthengo. Abale athu Achisilamu, amene ndi ochuluka m'maboma a Machinga ndi Mangochi, ali ndi masura m'Kurani otchedwa ndi maina a ng'ombe, njuchi, nyerere, kangaude ndi njovu, ndipo amaphunzitsidwa kuti zolengedwa ndi zizindikiro zimene munthu wanzeru ayenera kuzilingalira. Potero kupenya zolengedwa sindikuwerengera ku ulesi, koma ndimakuika pamodzi ndi kusunga Sabata, chifukwa monsemo munthu amaleka kugwira ndi kutenga, nalola kuti chinthu chikhale monga momwe Mwini adachiikira.

Koma kupenya kumeneku kuli ndi mwambo wake, ndipo si aliyense wokwera boti amene amaona. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa Shire mawuwa amapherezera. Woyendetsa boti akazimitsa injini pafupi ndi bango, poyamba simuona kanthu koma madzi ndi namasupuni woyandama. Mukakhala chete, timakutu tiwiri timatuluka, kenaka mphuno, kenaka mitu yambiri pamene mumayesa pali miyala, pakuti mvuu imatha kumira mphindi ngati zisanu, ndipo usana wonse imakhala m'madzi kuteteza khungu lake ku dzuwa, n'kutuluka usiku kukadya msipu kutsata tinjira take tomwe tija. Chimene mumayesa chipika pamchenga chimayasamula, mano onse poyera. Nkhwazi imalira pansonga pa mgwalangwa itaponya mutu kumbuyo, akakowa amatsata mapazi a njati, ndipo m'miyezi yotentha njovu zimatsika kudzamwa, zina n'kuoloka mtsinje wonse chitamba chokha chili pamwamba, zikutsogozedwa ndi njovu yaikazi yokalamba, monga momwe mbumba ya kwathu imaimira pa agogo aakazi. Mwana wa njovu amakhala m'mimba miyezi 22; mlambe umene mumapumira patsinde pake udaona mibadwo imene maina ake adaiwalika. Zinthu zoterezi sizithamanga, ndipo munthu wobwera ndi mtima wa phuma, wofuna kuti mkango uoneke pa ola limene walipira, wongojambula ndi foni kuti akaonetse anzake kuti adafikako, amabwerera kwawo ndi zithunzi zambiri mtima uli momwe udaliri, chifukwa cholengedwacho wachiyesanso katundu wake, ngakhale kuti sadachiphe.

Mtsinje weniweniwo ulinso ndi phunziro kwa woima pa mlatho. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi omwewa, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo chitseko cha pa Liwonde ndicho chimayesa madzi oyenera kutsikira kumeneko. Wochiona angaganize kuti Shire tidaugonjetsa. Koma kuyambira cha m'ma 1915 kufikira 1935, nyanja ya Malawi itatsika kwambiri ndipo mchenga utatseka potulukira pake, mtsinje womwewu udaleka kutuluka m'nyanjamo. Chitseko chili m'manja mwathu, koma mvula ya kumapiri a kumpoto ndi ya ku Tanzania, imene imadzaza nyanjayo, sitiilamula ndife.

Makolo athu Achewa adali ndi njira yawo yofotokozera kusamvana kwa munthu ndi nyama. Ankasimba kuti pachiyambi Chauta, mwamuna ndi mkazi, ndi nyama zonse adatsika pamodzi ndi mvula pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, nasiya mapazi awo pathanthwe lisanaume, nakhala pamodzi mumtendere. Kufikira tsiku limene munthu adapeka moto, tchire n'kuyaka, nyama n'kuthawa zili ndi mkwiyo, kupatula zoweta monga galu ndi mbuzi zimene zidathawira kwa munthu, ndipo Chauta yemwe adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. M'nthanoyi woyamba kulakwa si chilombo ayi. Ndiganiza kuti n'chifukwa chake pa maliro ndi pa chinamwali zilombo za gule wamkulu, zina m'maonekedwe a njovu ndi nyama zina, zimachoka kudambwe kudzavina pabwalo pakati pa anthu, ngati kuti kwa kanthawi mudzi ndi thengo zayanjananso. Mpanda wa magetsi wozungulira nkhalango ya Liwonde ndi umboni wa masiku athu ano wakuti udani uja sudathe. Ndipo mlendo amene ali m'boti, pafupi ndi njovu yosamuopa ndi yosamuthamangitsa, amalawako pang'ono mtendere umene udatayika, ndicho chifukwa chake mtima wake umasungunuka.

Tsono tifike pa funso lachiwiri, limene ndilo lolemera. Tikumbukire kuti amene adaonetsedwa mvuu ndi ng'ona m'buku lija sadali munthu wa pa tchuthi, wokhuta ndi wogona pabwino; adali munthu wa zilonda, wolira maliro a ana ake. Ngati tsono alipo oyenera kukhala patsogolo pa ulendo wokaona zolengedwa za pa Shire, ndi iwo amene zilombozi zimawadyera thukuta: alimi a ku Machinga, a ku Balaka ndi a ku Mangochi amene amachezera m'zilindo kuomba zitini, amayi otunga madzi ndi kuchapa pamadooko pamene ng'ona imabisala, asodzi a pa Malombe amene amapalasa bwato pakati pa mvuu mumdima. Chonsecho ambiri a iwo njovu amaidziwa usiku wokha, ili mdani m'munda, ndipo sadaionepo masana ikuthira madzi mwana wake. Mlendo amaona ulemerero wa chilombo osaona misozi imene chimakhetsa. Mwini dera amaona misozi yokhayokha, ndipo ulemerero uja, umene m'Malembo udaperekedwa kwa wosauka, iye sumufika.

Zoyesayesa zilipo. Mpanda udachepetsa kulowa kwa njovu m'midzi. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu 520 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri mwa izo kunka ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidatengedwa ku Liwonde kupita ku Kasungu, kumene nakonso, ndi kutsidya kwa malire ku Zambia, kudamveka madandaulo a minda ndi a miyoyo. Alimi ena a m'mbali mwa mpanda adayamba kulima tsabola ndi kuweta njuchi, zimene njovu sizigwirizana nazo. Zipembere zidayamba kubwezedwa kuchokera ku South Africa mu 1993, akakwiyo adadza mu 2017, mikango mu 2018. Nkhalango yadzukadi, ndipo ine ndimakondwera nazo. Koma chilombo chilichonse chobwezedwa chimasangalatsa wina ndi kusoweza tulo wina, ndipo wonena zoona ayenera kutchula zonse ziwiri.

Pamenepa pali malire amene mlendo, ngakhale mlaliki yemwe, sayenera kuwalumpha. Mawu a m'kamvulumvulu adayenera pakamwa pa Mulungu chifukwa Iye ndiye Mwini wa ng'ona ndi Mwini wa wolirayo. Pakamwa pa ine ndi inu mawu omwewo angasanduke nkhanza. Palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene ali ndi chilolezo chopita kwa mayi wamasiye kukamuuza za kukongola kwa ng'ona. Abwenzi a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba aja, pamene adakhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwa atayamba kufotokoza, ndipo pa mapeto Mulungu adakwiyira iwo, naikira kumbuyo Yobu wodandaula uja. Gawo lathu kwa wolira ndi kukhala naye pansi, kumthandiza kubzalanso dimba, kulimbikira kuti mijigo ifike m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje kuti amayi asamatsikire kudooko, kuti wopwetekedwa ndi chilombo apepesedwe moyenera, ndi kuti gawo looneka la ndalama za pachipata lizibwerera kwa iwo amene amagona moyandikana ndi mpanda.

Mlendo ndi mame, adatero akale, ndipo mwambiwo adaupangira mwini nyumba kuti apirire. Koma mlendo naye ali ndi mwambo wake, wakuti pakhomo pa eni timaodira. Wobwera ku Liwonde asalunjike kuchipata cha nkhalango atatseka mawindo a galimoto, ngati kuti tauni ndi midzi yake ndi zopinga za panjira chabe. Aime pamsika, apereke moni, agule mkeka osanenerera mpaka kumfinya woluka, apemphe asanajambule munthu, pakuti munthu si mvuu; ndipo afunse operekeza ake, amene ambiri ndi ana a midzi yomweyo, kuti amsimbire zimene nyamazi zimachita kunja kwa mpanda. Akatero chimwemwe chake sichichepa, koma chimaleka kukhala cha munthu wotseka makutu.

Kwa ife eni dziko ndili ndi pempho. Mipingo yathu ndi mizikiti yathu imadziwa kusonkha ndalama za minibasi yonka ku msonkhano wa chigawo, ku chikondwerero cha makwaya, ku ukwati ndi ku maliro. Sukulu zina, kudzera m'makalabu a zachilengedwe, zimapita kale ndi ana kunkhalango, ndipo Mmalawi amalipira zochepa pachipata kuyerekeza ndi mlendo wakunja. Chingaletse n'chiyani kuti mpingo wa ku Ntaja, wa ku Ulongwe kapena wa m'tauni ya Liwonde momwemo upatule tsiku limodzi pa chaka, utenge okalamba ake, alimi amene minda yawo idadyedwa, ndi amayi amasiye amene iwo eni angafune, uwakhazike pa mipando ya kutsogolo kwa boti, abusa kapena ashehe atakhala kumbuyo osalalika? Nthawi yoyenera ndi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene zokolola zili m'nkhokwe, udzu wagwa, maiwe a m'kati mwa nkhalango aphwa, ndipo nyama zimatsikira kumtsinje. Ulendowo uyambe m'mamawa kusanatenthe, pakuti dzuwa la ku Liwonde m'miyezi imeneyo limafoola okalamba, ndipo aliyense atenge madzi akumwa ndi chipewa.